Tsiku Limene Makina Analiranso

"Ndati sindipita," anatero bambo a Wadigiri, akukankhira kapu ya tiyi pakati pa tebulo. "Zaka makumi atatu ndawomba nsalu m'fakitale imeneyo. Lero mukufuna ndikawombemo bodza?"

Ankalankhula mokweza monga mwa masiku onse. Phokoso la makina linawadya makutu kalekale, choncho nkhani iliyonse ya m'nyumba mwawo inkamveka mpaka khomo lachitatu mumzere wa nyumba za kampani. Oyandikana nawo sankavutika n'kumata khutu pakhoma ayi, ankangochepetsa wailesi.

Mayi ake anaika nsimbi pambali. Anali akusita malaya a anthu ena, ntchito imene inkadyetsa banjalo chitsekereni fakitale.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, bambo. M'nyumba muno amene wamva m'mimba ndi mwanayu. Zaka zinayi ali pakhomo ndi mapepala ake. Inu mukungoti bodza, bodza. Bodza lake ndi la maola awiri, koma ntchito ya mwanayu ndi ya moyo wonse."

Mtsikana amene ankanenedwayo anali ataima pakhomo la kuchipinda, manja atapinda pachifuwa. Mumzere monse ankamutchula kuti Wadigiri. Poyamba linali dzina laulemu, la tsiku limene anabwera atavala mkanjo wakuda, anthu n'kumamuombera m'manja. Koma dzina likakhalitsa limasasa ngati mkaka. Tsopano ana ankalitchula akamuona atasenza chidebe cha madzi, kapena akubwerera wapansi kuchokera kumaofesi, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

Nkhani imene inawayambanitsa inali yotere. Fakitale itatsekedwa, boma linakatenga ngongole kunja, ati ya kuidzutsa, ngongole yaikulu yoti muulutsi wa pawailesi ankapuma kaye pakati poitchula. Chimene chinadzuka ndi ofesi yokha: inapeza bwana, magalimoto atatu ndi makatani. Geti linapakidwa penti. M'holo ya makina munkalamulira akangaude. Tsopano eni ndalama analemba kalata kuti akubwera kudzaona ndi maso awo asanapereke gawo lachiwiri, ndipo akuluakulu anayamba kutuluka thukuta. Anatuma a Tcheya a chipani m'deralo kuti zivute zitani, tsiku la alendo fakitale ilire kwa maola awiri. A Tcheya ankadziwa kuti antchito akale sangaponde pageti paja pokhapokha kapitawo wawo atatsogola, ndipo kapitawoyo anali bambo a Wadigiri. N'chifukwa chake anamuitana mtsikanayo n'kumuuza mosapita m'mbali: abweretse bambo ake ndi anzawo makumi anayi, aperekeze alendo poti amadziwa chilankhulo chawo, ndipo mpando wa kalaliki mu ofesi ija ukhala wake.

"Ngongole yoyamba inapita kuti?" anafunsa bambo. "Ndiuzeni inu odziwa zinthu. Akuti kuchipatala kulibe mankhwala chifukwa dziko likubweza ngongole. Akuti aphunzitsi sakulembedwa ntchito chifukwa cha ngongole. Ndiye ine ndinyamule sipanala ndikawathandize kutenganso ina? Akale ankati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Masiku ano zatembenuka: akudya ndi akuluakulu, opotedwa ndi ana. Adzabweza ndi yemweyu, pamodzi ndi ana ake amene sanabadwe n'komwe."

"Mukapanda kupita apeza ena," anatero mayi.

"Awapeze."

"Ndipo ntchitoyo apatsa mwana wa enawo. Inu mutsala ndi chilungamo chanu, ine nditsala ndi nsimbiyi."

Wadigiri sankafuna kulankhula, koma mawu anatuluka okha, ndipo anatuluka owawa kuposa mmene anawakonzera mumtima.

"Bambo, inu munagwirapo ntchito. Mumadziwa kudzuka m'mawa muli ndi kopita. Mumadziwa kutopa kwa munthu amene wagwira kanthu. Ulemu umene mukuutetezawu munaupeza kuntchito. Nanga ine ndikaupeza kuti? Munthu wamkulu ngati ine, sopo wosambira ndimapempha kwa mayi. Sindikukupemphani kuti munene bodza. Bodzalo ndikanena ndine. Inu mungokayatsa makina anu."

Bambo anamva zonse, chifukwa ankamuyang'ana pakamwa. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka, ndipo kwa masiku atatu m'nyumbamo munali zii, mpaka mayi a nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kapitawo wadwala. Tsiku lachinayi Wadigiri anawapeza pakhonde m'mamawa atayala chiguduli, akupukuta masipanala amene anakhala zaka zonsezo pansi pa bedi.

"Ukawauze a Tcheya ako kuti ndipita," anatero osadzutsa mutu. "Sindipitira iwo, sindipitira nduna. Koma makina anga sindiyendetsa opanda ulusi."

A Tcheya anali munthu wa mafoni atatu ndi jekete losavulidwa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anawalandira pakhomo la holo akumwetulira mano onse, n'kufotokoza nzeru yawo. Ankati alendo amenewa ndi anthu a mapepala, sangasiyanitse ulusi ndi chingwe cha nsapato. Chofunika chinali phokoso basi. Agula nsalu kumsika n'kuziyala pamakinapo, injini ziyatsidwe, anthu azingoyendayenda atavala maovololo atsopano.

"Makina owomba akayenda opanda ulusi amadzimenya okha mpaka kuthyoka mano," anatero kapitawo. "Pakangotha mphindi khumi muyamba kutola zitsulo pansi, alendo anu akuona. Mukufuna phokoso la maola awiri? Ndipatseni makiyi a sitolo ya ulusi, ndi milungu iwiri."

A Tcheya anachenjeza msanga kuti ndalama ilipo ndi ya tsiku la alendo lokha, ya milungu iwiriyo palibe. Kapitawo anayankha kuti palibe amene wafunsa za ndalama, ndipo a Tcheya anapereka makiyiwo mofulumira, kuopa kuti mkuluyu angasinthe maganizo.

Wadigiri anali asanalowepo m'holo imeneyo. Anakulira mumthunzi wa khoma lake, koma ana sankaloledwa kulowa. Chitseko chachitsulo chitakankhidwa, anaima kukamwa kuli yasa. Holoyo inali yaitali moti munthu woima kumapeto kwake ankaoneka ngati mwana. Dzuwa linkalowa ndi m'magalasi osweka a kudenga n'kugwa m'mizere pa makina mazana awiri, onse akuda, onse chete, atafunda fumbi ndi zitosi za nkhunda. Anamva mantha a mtundu umene munthu amamva akalowa m'nyumba ya mapemphero mulibe anthu. Bambo ake anavula chipewa. Kenako anayenda molunjika mpaka pa makina a nambala seveni, n'kuika dzanja pamenepo nthawi yaitali.

Mawa lake anthu anayamba kufika. Wadigiri anakhala patebulo pafupi ndi chitseko kulemba mayina, ndipo ambiri ankawadziwa, koma ankawadziwa mwa mtundu wina. Uyu anali mlonda wa pagolosale amene ankangosinza pa kreti. Uyo anali wogulitsa makala, wokhosomola uja. Kunabweranso mayi wina wogulitsa tomato pamsika, amene anthu ankamutchula kuti Zalazinayi chifukwa makina anamudula chala ali mtsikana. Onsewa Wadigiri ankawadutsa tsiku ndi tsiku osawaganizira kanthu. Anali nkhalamba za mumzere, malova okalamba, anthu odikira imfa ndi penshoni imene sinkabwera. Analemba mayina makumi anayi tsiku lisanafike pakati.

Zimene anaona m'milungu iwiri imeneyo sanaziiwale. Mlonda wosinza uja anakwera makwerero ngati mnyamata n'kuyamba kutsata mawaya a magetsi kudenga, akutchula pamtima uliwonse kumene ukupita. Wamakala anagona chagada pansi pa makina, n'kumangotulutsa dzanja, mnzake n'kumaikamo sipanala yoyenera popanda kufunsa. Pa makina mazana awiri anasankhapo makumi awiri ndi anayi a kutsogolo, ndipo otsalawo anawasandutsa nkhokwe ya zitsulo: apa achotsa lamba, apo achotsa gudumu, uko sipuling'i. Dzimbiri ankalipala ndi mchenga ndi palafini amene anasonkherana okha.

Bambo ake ndiwo anamudabwitsa koposa. Kunyumba anali munthu wosaka magalasi ali pamphumi, wogwetsa supuni, wofunsa chinthu chimodzi katatu. M'holomo sankasaka kanthu. Mnzawo akamazunguza gudumu ndi dzanja, iwo ankaika chikhatho pachitsulo n'kutsinzina, kenako n'kuloza malo amodzi mwa malo zikwi, ndipo akamasula pamenepo ankapezadi dzino lothyoka. Makutu anafa, koma munthuyo ankamva ndi dzanja. Wadigiri anaphunzira zaka zinayi kusukulu yaukachenjede, koma sanakumanepo ndi mphunzitsi wodziwa chinthu chake mpaka pamenepo, ndipo anachita manyazi pokumbukira kangati kamene anawayankha bambo akewo mowaderera.

Itafika nthawi yolowetsa ulusi, anasiya tebulo lake n'kukaima kumbuyo kwa Zalazinayi. Makina aliwonse ankafuna ulusi woposa zikwi ziwiri, ndipo uliwonse unkayenera kudutsa pakabowo kake kakang'ono ngati diso la singano, mwa ndondomeko yake, popanda kudumpha ngakhale umodzi. Anthu awiri ankakhala moyang'anizana, wina kupereka ulusi, wina kuukoka ndi kambedza. Zalazinayi, amene pamsika ankapempha ana kuti amuwerengere mtengo wa papaketi, ankakoka ulusiwo maso ali pafupifupi otseka, mofulumira moti Wadigiri ankalephera kutsata dzanjalo.

"Mayi, simunaiwale?" anafunsa.

"Madzi saiwala khwawa, mwanangu," anatero Zalazinayi osaima. "Usiku uliwonse wa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulowetsa ulusi kutulo. Lero ndangopeza poulowetsa."

Anali ndi chilankhulo chawochawo cha manja, chimene anachipanga kale chifukwa makina akamalira pakamwa sipathandiza. Kugwira chibwano kunali kuitana kapitawo. Kupotoza zala ziwiri kunali kunena kuti ulusi waduka. Ndipo a Tcheya akalowa, wamakala ankatupitsa masaya n'kuika manja onse awiri m'makutu ngati munthu wa mafoni, holo yonse n'kugwa ndi phwete lopanda mawu, a Tcheya n'kumamwetulira nawo poganiza kuti anthu akukondwera kuwaona.

Kunyumba zinthu zinasintha. Bambo ankabwera manja ali bii ndi girisi, kusamba akuimba, kudya n'kupempha china. Msana umene unali utayamba kupindika unawongoka. Mayi ankawayang'ana cham'mbali, ndipo tsiku lina akutsuka mbale ndi mwana wawo ananong'ona kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mawu amenewo anamukhala Wadigiri pamtima. Madzulo a tsiku lomwelo anakhala pakhonde moyang'anizana ndi bambo ake kuti amuone pakamwa.

"Bambo, mukukumbukira kuti ndi za maola awiri okha?"

"Ndikukumbukira. Ndine gonthi, si chitsiru."

"Nanga n'chifukwa chiyani mwakonza ndi makina opinda nsalu omwe? Alendo sakafika kumeneko."

Bambo anachotsa girisi m'zikhadabo ndi kamtengo.

"Tamvera, mwanangu. Nduna imene ikubwerayi sinaonepo nsalu ikubadwa. Bwana wa mu ofesi uja sanaonepo. Amangomva kuti fakitale inafa, inafa. Koma munthu ataona ndi maso ake makina akuyenda, nsalu ikutuluka, anthu ataima pamalo awo, angalamule kuti azimitsenso? Ndi mtima wanji? Ulusi m'sitolo ulipo wa miyezi itatu. Tikagulitsa nsalu yoyamba tigula thonje. Galu wamkota sakandira pachabe."

Wadigiri anafuna kuwauza kuti anthu amene anameza ngongole yonse ija ali ndi mtima umene iwo sakuudziwa. Koma anaona mmene maso awo ankawalira, ndipo anangozisiya. Iye ndiye anawakokera m'holo muja ndi lonjezo la sewero, ndipo tsopano sewerolo linali litawalowa m'magazi.

Tsiku la alendo linafika. Jenereta yaikulu yobwereka inaimikidwa kuseri kwa holo, poti magetsi a fakitale anadulidwa kale. Anthu makumi anayi aja anavala maovololo abuluu onunkha sitolo, aliyense ataima pamalo pake. Wadigiri anavekedwa chikhoti choyera, ndipo m'thumba mwake munali pepala la mayankho amene a Tcheya anamuloweza. Magalimoto atayamba kuoneka kumsewu, mlonda uja anachita chinthu chimene palibe anamutuma: anakoka chingwe cha hutala ya fakitale, lipenga limene kale linkaitana antchito.

Kulira kwake kunadzaza dera lonse. Mumzere amayi anatuluka m'nyumba ndi zikho m'manja. Kumsika malonda anaima. Ana amene anabadwa fakitale itatsekedwa anathawira m'masiketi a amayi awo, koma akuluakulu anangoima pamene analipo, ena misozi ikutsika. Mayi a Wadigiri anadzanena pambuyo pake kuti anapezeka atatereka madzi osamba a bambo, ngati kale, asanakumbukire kuti ndi chaka chanji.

Alendo anali atatu, otsogoleredwa ndi mayi wachikulire wa tsitsi laimvi, wa nsapato zafulati ndi kabuku m'manja. Nduna inali pambali pake, bwana wa fakitale pambuyo. Atangoponda pakhomo la holo, kapitawo anakweza dzanja n'kuligwetsa.

Wadigiri ankaganiza kuti akudziwa chimene phokoso lili. Makina makumi awiri ndi anayi atayamba pamodzi, pansi panagwedezeka, kugundako kunakwera ndi miyendo mpaka m'chifuwa, ndipo anamva ngati mtima wake wasiya kugunda pawokha n'kuyamba kutsata makinawo. Ulusi zikwizikwi unkakwera ndi kutsika, kutsegula ndi kutseka, ndipo kumapeto kwake, pamene panalibe kanthu, pankatuluka nsalu. Inkatuluka pang'onopang'ono, yoyera, yosalala, n'kumadzikulunga pamtengo wake. Moyo wake wonse wavala nsalu, koma sanaganizepo kuti nsalu imachokera penapake. Tinthu ta thonje tinkauluka m'kuwala kwa dzuwa n'kumatera patsitsi la nkhalamba zija. Palibe amene anayang'ana alendo. Zalazinayi ankayenda pakati pa makina anayi, kumanga ulusi woduka ndi dzanja limodzi osaimitsa kanthu. Bambo ake ankadutsa mumzere manja ali kumbuyo, pang'onopang'ono, ndipo nduna yeniyeniyo inawapatukira kuti adutse. Wadigiri anapezeka akulira, osati ndi chisoni ayi, koma chifukwa chinthucho chinali chachikulu kuposa iye.

Mayi waimvi uja anakhala m'holomo nthawi yaitali kuposa imene inakonzedwa. Anagwira nsalu, anainunkhiza, anayang'ana manja a wamakala, anaona ngakhale girisi watsopano pamagudumu. Atatuluka panja pamene munthu angamveke, anatembenukira kwa Wadigiri n'kumufunsa mafunso awiri: fakitale yakhala ikuyenda kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo yalemba anthu angati.

A Tcheya anali chapatali, foni ili kukhutu koma maso ali pa iye. Kumbuyo kwake khoma linkanjenjemera ndi ntchito ya bambo ake. Anaganiza za nsimbi ya mayi ake, za nsapato zake, za zaka zinayi. Choonadi chinali chachifupi, cha mawu asanu okha, ndipo chinafika mpaka pamilomo.

"Chaka ndi miyezi iwiri," anatero. "Anthu mazana asanu, m'magulu atatu osinthana."

Mayiyo analemba m'kabuku kake. Kenako anamugwira pamkono n'kumuuza, ngati akumuuza chinsinsi, kuti pa ntchito yake waonetsedwa zambiri: makoma opakidwa penti dzulo lake, mabokosi opanda kanthu, anthu obwerekedwa ovala mayunifomu. Anati iye sanamizidwa ndi penti. Chimene amayang'ana ndi manja a anthu, ndipo manja amene waona lerowa munthu sangawabwereke. Wadigiri anagwedeza mutu. Nzeru ya a Tcheya ya nsalu za kumsika ikanagwidwa m'mphindi zisanu. Chimene chinapulumutsa bodzalo chinali chilungamo cha bambo ake, amene anakana kuyendetsa makina opanda ulusi.

Galimoto yomaliza itatuluka pageti, mwini jenereta anayang'ana wotchi yake n'kuzimitsa. Dizilo amene analipiridwa anali wa maola awiri. Makina anaima nsalu ili pakati, ndipo anthu makumi anayi aja anakhalabe pamalo awo kwa kanthawi, manja ali m'malere.

Mlungu womwewo wailesi inalengeza kuti eni ndalama akhutira, gawo lachiwiri la ngongole lavomerezedwa, ndipo nduna inalankhula nthawi yaitali za fakitale imene yalemba anthu mazana asanu. Lachisanu kalata ya Wadigiri inafika, yokhala ndi chidindo, yoti akayambe ntchito Lolemba. Mayi anavina pakati pa nyumba nsimbi ili m'manja. Bambo anaiwerenga kawiri, n'kumugwira mwana wawo dzanja ngati munthu wamkulu mnzawo. Za holo sananene kanthu, koma ovololo yawo anaichapa okha n'kuiyanika.

Lolemba Wadigiri anadzuka m'mawa kwambiri, koma anapeza bambo atatuluka kale. Atakhota pangodya ya khoma la fakitale, anaima kaye. Pageti panali anthu makumi anayi aja, onse atavala maovololo ochapa, ataima pamzere umodzi wowongoka monga ankachitira kale, aliyense ndi kachitini ka chakudya cha masana. Palibe amene anawaitana. Sanapangane n'komwe. Aliyense anangodzuka n'kubwera, chifukwa nsalu anaisiya pakati, ndipo m'ntchito yawo nsalu siisiyidwa pakati. Kumbuyo kwawo, mpaka kumsewu waukulu, kunali chinamtindi cha achinyamata ndi maenvulopu awo, amene anamva pawailesi kuti kuno kukulembedwa anthu.

Mlonda wa kampani anamulowetsa pakageti kakang'ono. Bwana anamulandira ataima pawindo, akusuzumira m'makatani ake. Sanamupatse mpando. Anamupatsa pepala n'kumuuza kuti poti anthuwo ndi ake, ntchito yake yoyamba ndi kukawawerengera chidziwitso chimenecho. Anawonjezera kuti akalephera kuwabalalitsa, ofesi iganizanso bwino ngati ikufunikadi kalaliki. Wadigiri anawerenga pepalalo akutsika masitepe. Linkati kulibe ntchito. Linkati maovololo ndi katundu wa kampani, abwezedwe lero. Linkati holo yatsekedwa chifukwa makina amene akuyenda apeza ogula ochokera kunja, ndipo aliyense wopezeka pageti ikakwana naini koloko achotsedwa ndi apolisi.

Anaima pakasitepe ka pageti, anthu onse n'kumuyang'ana. Zalazinayi anamumwetulira. Anayamba kuwerenga, koma mawu ankatuluka aang'ono, ndipo nkhalamba zija zinayamba kupendeketsa mitu ndi kufunsana. Wamakala anaika dzanja kukhutu. Anayambiranso, mawu n'kukanikiratu. Pawindo la m'mwamba katani inagwedezeka.

Pamenepo bambo ake anatuluka pamzere. Anali kutsogolo, ndipo anali atamuona pakamwa kuyambira mawu oyamba mpaka pamene anaimira. Anayenda mosafulumira, anakwera pakasitepe paja n'kuima pambali pake. Wadigiri anayembekeza kuti amulanda pepalalo n'kuling'amba, ndipo mumtima ankafuna kuti atero.

"Awa ndi agonthi, mwanangu," anatero. "Ukamanong'ona sakumva. Walowa ntchito lero, igwire bwino. Werenga mzere umodziumodzi, ine ndiziwauza."

"Bambo, sindingathe."

"Ungathe. Sitinagwire milungu iwiri ija kuti tonse tibwerere kunyumba chimanjamanja. Mmodzi atsale m'kati. Werenga."

Anawerenga mzere woyamba. Bambo ake anaubwereza ndi mawu awo aja omveka khomo lachitatu, ndipo anamveka mpaka kumsewu. Anawerenga wachiwiri, iwo n'kubwereza. Mzere wa makina ogulitsidwa nawonso bambo anaunena wonse osasintha liwu ngakhale limodzi. Achinyamata a kumbuyo anayamba kung'ung'udza, wina anatola mwala, koma kapitawo anangokweza dzanja, ndipo anzawo makumi anayi aja anatembenuka n'kuwayang'ana mpaka mwalawo unagwa pansi.

Atamaliza, bambo ake anamasula mabatani, anavula ovololo pamaso pa anthu onse, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'manja mwa mwana wawo. Anatsala ndi malaya akale ong'ambika paphewa. Anatsika pakasitepe n'kukaima pambali, ndipo enawo anayamba kubwera mmodzimmodzi, osakankhana, aliyense akupinda yake.

"Uzilemba mayina," anatero bambo ali chapansipo. "Angadzati wasowetsa katundu wa kampani."

Wadigiri anatulutsa cholembera. Analemba, kuyambira ndi dzina la bambo ake.